Kodi Mumadziwa? Jazi, Nyimbo za Eni ndi Phokoso la Omvera

Kodi mumadziwa kuti phokoso limene anthu a ku Manje mu Blantyre amachita woyimba akazigwira bwino nsambo, likhweru lija, nthungululu zija, kukuwa kuja koti "Ibwereze!", si kusowa mwambo ayi, koma ndi mmene jazi yakhala ikumvedwera kuyambira kale? Alipo ena amene amaganiza kuti jazi ndi ya m'mahotela basi, yomvera utapinda miyendo, tambula ili m'manja, uli duu. Mbiri ya nyimboyi sikugwirizana nawo. Zimbale zingapo zimene dziko lonse limazilemekeza zinatchuka chifukwa cha zimene omvera anachita usiku umene zinkajambulidwa.

Kodi mumadziwa kuti akatswiri a jazi luso lawo amakonda kulionetsera pa nyimbo ya eni? Si ulesi wopeka zawo. Nyimbo ikakhala yachilendo, womvera sangadziwe pamene woyimba akutsata njira ndi pamene wapatuka. Koma ikakhala yoti aliyense anakula nayo pa wayilesi, khutu limakhala likuyimba yakale ija chamumtima pamene mkulu uja akuipinda, akuichedwetsa, akuithamangitsa, mwinanso kuisiya kumene kwa kanthawi n'kukaipeza kutsogolo. Kukuwa kumabuka pomwe wabwereramo, pa nthawi yake yeniyeni, anthu atayamba kale kuda nkhawa kuti wasochera. Zili ngati dalaivala wa minibasi yochokera ku Limbe amene wathawa mdipiti wa galimoto n'kudzera njira za m'makwalala: mlendo amangoona fumbi ndi mabampu, koma mwini dera ndiye amagwedeza mutu kuti uyu njira amaidziwa. Popanda womvera woidziwa nyimboyo, theka la luso lija limapita pachabe.

Kodi mumadziwa kuti jazi ya kuno kwathu sinayambire m'mahotela okha, koma m'misewu ya Blantyre ndi m'midzi yozungulira? Anyamata awiri apachibale a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, anakulirako ku Salisbury, kumene masiku ano timati Harare, ndipo kumeneko ndi kumene anamva kwela, nyimbo ya chitoliro chachitsulo imene inkachokera m'makomboni a ku Johannesburg. Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, anayamba kuyimba poyera, paliponse pamene anthu angaime: Daniel pa gitala, Donald akadali kamnyamata pa chitoliro, anzawo pa babatoni wa nsambo imodzi ndi chisekese. Zambiri mwa zimene ankayamba nazo zinali za m'zimbale za ku South Africa, za akatswiri onga Spokes Mashiyane, zimene machona ankabwera nazo m'masutikesi. Anthu ankazidziwa nyimbozo, n'chifukwa chake ankaima. Chinkawakhazika pamenepo mpaka dzuwa kupendeka chinali choti anyamatawo sankazibweza mmene anazimvera. Ankazisula mwatsopano, n'kupekanso zawozawo m'Chichewa.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuyimba mu Blantyre, anawajambula, ndipo pambuyo pake analemba buku lonse lathunthu lonena za gulu lawo. Kuchoka apo njira ya ku Ulaya inatseguka. Daniel, amene anthu ankangomutchula kuti Dokotala, anamwalira mu 1987. Donald anafika mpaka pokaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999, ndipo anamwalira mu 2001. Koma musaiwale amene anayamba kuwavomereza. Sanali mapulofesa. Anali amayi ochokera kumsika, madengu ali pamutu, ndi abambo oweruka ku ntchito, amene ankaponya makobidi pansi n'kunena kuti iyimbidwenso.

Kodi mumadziwa kuti oyimba kwela chitoliro chawo sankachigwira ngati mwana wa sukulu? Ankachilowetsa kwambiri m'kamwa, chopendekera kumbali, kuti mawu azituluka okulirapo ndi onona, komanso kuti azitha kuwapinda. Mumsewu mulibe zokuzira mawu. Ukafuna kuti munthu wa tsidya lina la msewu atembenuke, luso lako liyenera kumufika lokha.

Kodi mumadziwa kuti magulu ambiri a banjo a m'midzi ya chigawo cha kummwera ankadzitcha okha magulu a jazi, n'kutenga dzina la mtsinje kapena phiri la kwawo? Wotchuka kwambiri ndi Alan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu Jazz. Namoko anali wosaona. Nkhope za omvera sankaziona, ndiye kuti chilichonse chimene ankadziwa chokhudza mmene nyimbo yalowerera anthu chinkadzera m'khutu: mapazi, m'manja, nthungululu, mawu a munthu woyankhira kumbuyo. Taganizani akanayimbira anthu okhala chete mwaulemu mmene ena amafunira. Anamwalira mu 1995, koma mpaka lero gulu likaiyamba nyimbo yake pa malo achisangalalo ku Ndirande kapena ku Bangwe, anthu amaimirira isanafike n'pakati pomwe.

Kodi mumadziwa kuti kufupa ndi njira imene womvera amalamulira kutalika kwa nyimbo? Yang'anitsitsani pa ukwati kapena pa dansi ya Loweruka kuno kumunsi kwa phiri la Soche. Wa gitala akafika pamalo pokoma, wina amanyamuka, ndalama ili m'mwamba, akuvina pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Woyimba wanzeru sachoka pamalopo. Amabwereza, koma mosinthako pang'ono, kudikira kuti wachiwiri ndi wachitatu anyamukenso. Wa ng'oma amaona, amawonjezera moto. Nyimbo ya mphindi zinayi imatha mphindi khumi, ndipo palibe amene anapangana zimenezo poyeserera. Pempho langa n'limodzi kwa ofupa: ndalama ikani m'mbale, m'chipewa kapena m'thumba la malaya. Musaitsekere pa nsambo munthu ali pakati pa ntchito, chifukwa mumadula chinthu chomwe mwanyamukira.

Kodi mumadziwa kuti Louis Armstrong, mfumu ya lipenga ya ku New Orleans, anayimbapo nyimbo ya ku Bulawayo? "Skokiaan" anaipeka ndi August Musarurwa, woyimba sakisofoni, m'masiku amene Amalawi ambirimbiri ankagwira ntchito mumzinda umenewo. Mu 1954 inafika ku America, magulu angapo anailanda nthawi imodzi, ndipo Armstrong anajambula yake chaka chomwecho. Mu 1960, pa ulendo wake wa mu Africa, anafika ku Southern Rhodesia n'kukumana ndi mwini nyimbo maso ndi maso. Nyimbo za eni sizinkangoyenda kuchokera ku America kubwera kuno. Zinkapitanso uko.

Kodi mumadziwa kuti Ella Fitzgerald analandira mphoto chifukwa cha nyimbo imene anaiwala mawu ake ali pa siteji? Zinachitika ku Berlin pa 13 February 1960. Nyimboyo inali "Mack the Knife", yopekedwa ndi Kurt Weill ndi Bertolt Brecht, ya m'sewero limene linayamba kuonetsedwa mu 1928 mumzinda womwewo. Ndiye kuti mayiyu ankayimbira eni nyimbo, pakhomo pawo. Ali pakati, mawu anamuthawa. Sanaime. Anayamba kupeka ake pomwepo, akuulula m'nyimbo momwemo kuti zamusokonekera, kenako n'kutsitsa mawu kutengera kusasa kwa Armstrong. Holo yonse inaseka naye limodzi n'kuwomba m'manja mwamphamvu. Chimbale cha usiku umenewo chinamubweretsera mphoto ziwiri za Grammy. Akanakhala kuti omvera aja anachita tsinya, lero tikanangoti inali ngozi ya pa siteji.

Kodi mumadziwa kuti pali chimbale cha jazi chimene m'manja mwa omvera mumamveka ngati chida chachinayi cha gulu la anthu atatu? Mu May 1965, woyimba piyano Ramsey Lewis ndi anzake awiri, Eldee Young ndi Redd Holt, ankajambula pa malo otchedwa Bohemian Caverns ku Washington. Anatenga "The In Crowd", nyimbo ya Dobie Gray imene inali m'kamwa mwa achinyamata miyezi imeneyo. Lewis mwini wake ankafotokoza kuti amene anawatsina khutu za nyimboyo anali mayi woperekera zakudya pamalo pamene ankamwa khofi. Atangoiyamba, anthu anaizindikira, anayamba kuwomba m'manja motsata ng'oma, kukuwa, kuyankhira. Ojambula sanafufute phokosolo. Nyimboyo inakwera mpaka pa nambala 5 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku America, chinthu chosowa kwa nyimbo ya jazi yopanda mawu, ndipo inapata Grammy.

Kodi mumadziwa kuti mayi mmodzi wovina anathandiza kudzutsa gulu la Duke Ellington pamene anthu ankati nthawi yake yatha? Apa ndikhalitsepo, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Pofika 1956, magulu akuluakulu a malipenga anali atayamba kutha mphamvu, achinyamata atatembenukira kwina. Usiku wa pa 7 July chaka chimenecho, pa chikondwerero cha jazi cha ku Newport, Ellington anatulutsa nyimbo yake yakale ya mu 1937, "Diminuendo and Crescendo in Blue". Pakati pake anamusiyira mpata Paul Gonsalves, woyimba sakisofoni amene makolo ake anali ochokera ku zilumba za Cape Verde. Gonsalves anazungulira nyimboyo maulendo 27 osapuma. Ali m'kati, mayi wina wovala diresi lakuda ananyamuka pampando n'kuyamba kuvina. Ena anatsatira. Anthu anakwera pamipando, ena anakhamukira kutsogolo, moti mkulu wokonza chikondwererocho, George Wein, anachita mantha kuti pabuka chipolowe ndipo ankafuna kuti nyimbo zithe. Ellington anapitiriza. Mwezi wotsatira nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time, ndipo chimbale cha usiku umenewo chinagulidwa kuposa china chilichonse pa moyo wake.

Mayi ameneyo akanakhala wa ku Zingwangwa kapena ku Chilomoni, palibe akanadabwa naye. Kuno munthu woyamba kunyamuka timamudziwa tonse, ndipo oyimba amamudalira, ngakhale satchula.

Kodi mumadziwa kuti mbali ina ya chimbale choyamba cha usiku wa ku Newport uja inajambulidwanso mu situdiyo, n'kuikamo m'manja mongowonjezera? Gonsalves anali ataima pa maikolofoni ya wayilesi ya Voice of America m'malo mwa ya kampani ya zimbale, moti pa tepi ya kampaniyo ankamveka chapatali. Zenizeni zonse za usikuwo zinadzatuluka mu 1999, atapeza tepi ya wayilesi ija n'kuilumikiza ndi inzake.

Kodi mumadziwa kuti oyimba ena amachita kuitanira omvera mu situdiyo chifukwa popanda iwo nyimbo siituluka bwino? Chimbale cha Cannonball Adderley chojambulidwa mu 1966, chimene muli nyimbo ya "Mercy, Mercy, Mercy" yopekedwa ndi Joe Zawinul, chinalembedwa pachikuto kuti chinajambulidwa pa kalabu ina ya ku Chicago. Zoona zake n'zoti chinajambulidwa mu situdiyo ya Capitol ku Los Angeles, ataitana anthu n'kuwapatsa zakumwa. Malowo anali ongonamizira, koma kukuwa kumene mumamva m'chimbalecho n'kwa anthu enieni amene nyimbo inawalowa.

Kodi mumadziwa kuti Miles Davis anabwezeretsa dzina lake ndi nyimbo ya mnzake, mwini wakeyo atakhala pa piyano kumbuyo kwake? Munali mu 1955, ku Newport komweko. Nyimbo inali "'Round Midnight" ya Thelonious Monk. Mmene anthu anailandirira zinachititsa kuti kampani ya Columbia imufunefune.

Kodi mumadziwa kuti John Coltrane anatenga kanyimbo kofewa ka m'sewero la The Sound of Music, "My Favorite Things", n'kukatambasula mpaka mphindi pafupifupi 14 pa chimbale cha mu 1961? Pofika mu 1966, akuyimba ku Japan, kanyimbo komweko kanatha pafupifupi ola lathunthu.

Kodi mumadziwa kuti pa jazi anthu amawomba m'manja nyimbo ili m'kati, woyimba aliyense akangomaliza gawo lake? Sadikira mapeto. Wa sakisofoni akatsitsa chida, m'manja. Wa piyano akamaliza, m'manja. Wa ng'oma akatha kudzionetsa, m'manja ndi likhweru. Ndipo powomba motsata nyimbo, odziwa amawomba pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, osati koyamba ndi kwachitatu. Woyimba piyano Harry Connick Jr. tsiku lina ataona kuti holo yonse ikuwomba pa koyamba ndi kwachitatu, sanakalipe. Anangowonjezera kugunda kumodzi m'kati mwa gawo lake la piyano, ndipo anthu onse anapezeka akuwomba pamalo oyenera osadziwa kuti asunthidwa. Amayi a Mvano kapena a Chigwirizano amene amawomba m'manja mopingasana, ena apa ena apo koma zonse n'kugwirizana, nzeru imeneyi anabadwa nayo.

Kodi mumadziwa kuti aliponso akatswiri amene phokoso salifuna n'pang'ono pomwe? Keith Jarrett, amene kwa zaka pafupifupi 30 kuchokera mu 1983 ankayimba nyimbo zakale za eni pamodzi ndi Gary Peacock ndi Jack DeJohnette, ankadziwika ndi kuimitsa nyimbo munthu akatsokomola kapena akajambula chithunzi. Ndimamumvetsa: pali nyimbo zina zimene zimafuna bata kuti woyimba amve kumene maganizo ake akulowera. Womvera wabwino amadziwa kusiyanitsa. Kukuwa pamene woyimba watsitsa mawu mpaka kunong'ona n'kulakwa kofanana ndi kukhala chete pamene wakupatsa zonse zimene ali nazo.

Kodi mumadziwa kuti gitala imene inayendetsa chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986 inali m'manja mwa mwana wa Mmalawi? Ray Phiri, mtsogoleri wa gulu la Stimela, anabadwira ku South Africa, bambo ake ali tchona wochokera kuno. Mu February 1987 anali pa siteji pa bwalo la Rufaro ku Harare limodzi ndi Hugh Masekela ndi Miriam Makeba. Anamwalira mu 2017.

Kodi mumadziwa kuti Masekela yemweyo anadzapereka chimbale chake m'manja mwa Mmalawi kuti achikonze? Erik Paliani, katswiri wa gitala amene anayambira m'magulu a kuno kwathu asanapite ku Johannesburg, ndiye anakonza Phola, ndipo nyimbo yotsegulira chimbalecho ili ndi dzina lachichewa, "Mwanayu Wakula". Paliani anagwiranso ntchito ndi Zamajobe, ndipo chimbale chake chake anachitcha Chitukutuku. Naye Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu January 2021, anaonetsa ndi Zani Muwone kuti nyimbo za m'mudzi za Chitumbuka zingavale jazi popanda kutaya fungo la kwawo. Anthu amene ankapita ku zoimbaimba zake akudziwa mmene holo inkayankhira mawu ake akakwera, ngakhale ena mwa oyankhawo Chitumbuka sankachimva.

Kodi mumadziwa kuti mpaka mu 1999 Malawi analibe kanema wake? Zaka zonse zimenezo munthu wa ku Manje, ku Machinjiri kapena ku Chiwembe ankamva akatswiri makamaka pa wayilesi ya MBC, ambiri a iwo atajambulidwa ku situdiyo za ku Chichiri. Zala za woyimba ankaziona pokhapokha atapita yekha kumene akuyimba. N'chifukwa chake akuluakulu amene anaonapo Daniel Kachamba kapena Robert Fumulani ndi maso amafotokoza ngati zachitika dzulo. Kwa zaka zambiri, malo amene anthu a mu Blantyre ankakhamukirako Lamlungu masana kukaona oyimba anali French Cultural Centre. Anatsekedwa mu 2011, boma linawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre. Mzinda wa anthu ochuluka chonchi ukusowabe malo okwanira amene mwana wa m'komboni angalowe ndi ndalama yochepa n'kukhala pafupi moti n'kuona mmene chala chikutsetserekera pa nsambo. Oyimba a mawa amabadwira pamenepo, kutsogolo kwa siteji, pakamwa pali yasa.

Kodi mumadziwa kuti agogo a zaka zoposa 90 a ku Chiradzulu anavinitsa dziko lonse ndi nyimbo yawo yakale, itayimbidwanso mwatsopano? A Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anakhala pansi ndi Patience Namadingo mu 2020 n'kuyimba limodzi nyimbo zawo zakale mu kayimbidwe ka rege. Kachigawo ka "Linny Hoo" kanafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, anthu a m'mayiko akutali akuvina mawu amene sakuwamva. Si jazi imeneyo, koma nzeru yake ndi yomweyo: nyimbo yodziwika, dzanja latsopano, ndi omvera amene sanakhale chete. Chinandisangalatsa n'choti mwini nyimbo anali pomwepo, pampando, akuyimba nawo.

Kodi mumadziwa kuti nyimbo ya eni ikayimbidwa pagulu, mwini wake amayenera kupezapo kangachepe? Bungwe la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama zoterezi, ndipo lamulo loteteza umwini wa ntchito zaluso linakonzedwanso mu 2016. Eni malo achisangalalo ndi okonza zoimbaimba amayenera kukhala ndi chiphaso cha bungweli, kuti wopeka nyimbo, kapena ana ake ngati iye anatsogola, alandire gawo lawo. Ndalama yofupa imapita kwa amene ali pa siteji, ndipo n'zoyenera, wakhetsa thukuta. Koma wopeka uja sali pamenepo kuti afupidwe. Inu a magulu oyimba, kaya ndi pa ukwati ku Manje kaya mu hotela ku Limbe, musanaiyambe nyimbo ya Namoko, ya Kachamba kapena ya Fumulani, tchulani dzina la mwini wake pa maikolofoni. Achinyamata ambiri amene akukuwa kutsogoloko anabadwa anthuwa atamwalira kale, ndipo ena amapita kunyumba akuganiza kuti nyimboyo mwapeka ndinu.